Chipewa cha Abambo Panjanji

Chiosya, Mchinji
9 Juni 1981

Okondedwa achimwene a Benedicto,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, koma mtima wanga suli m'malo. Kalatayi ndapatsira munthu pamanja, chifukwa zili m'menemu si zoponya ku positi.

Basi yathu ija inaleka kubwera. Kondakitala anachita kutitsanzika, akuti ndalama za boma zalowa ku njanji, aliyense azikwera sitima. Inu a ku unduna wa zamtengatenga mukudziwa bwino. Si paja munatilembera kuti Mchinji yatukuka? Inenso ndinavina nawo tsiku lotsegulira njanjiyo mpaka mawu kusasa.

Tsono imvani. Lachiwiri lapitali linali tsiku loti amayi akachotsedwe ng'ala m'maso ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Abambo anati kusiteshoni n'kutali, pangolo tikachedwa, bola kudulira pomwe njanji yadutsa pafupi. Ndinawaletsa, koma mukuwadziwa abambo anu. Anati moyo wawo wonse akhala akuimitsa basi ndi chipewa, ndipo palibe dalaivala anawapitirirapo.

Tinaima m'mbali mwa njanji, amayi atavala diresi lawo la ku tchalitchi. Sitima itatulukira, abambo anakupiza chipewa, kenaka jekete. Woyendetsa anawabwezera moni ndi dzanja, n'kuliza hutala, n'kupitirira. Amayi anafunsa ngati yakaima kutsogolo. Tinangowagwira dzanja n'kubwerera kunyumba.

Chichokereni tsiku limenelo abambo sakudya bwino, ine ndikungozungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna kuikira. A Imelda, anamwino a pa boma aja, atipemphera tsiku lina, Lachinayi la sabata yamawa. Akuti likatiphonya limeneli kwatha, dokotala wa maso akubwerera kwawo.

Achimwene, sindikuti mukatsutsane ndi akuluakulu anu, ndikudziwa mmene zinthu zilili. Koma sitima siyenda tsiku lililonse, ndipo amayi sangagone pasiteshoni ndi chisanu chino. Ndili ndi mantha. Pezani galimoto, ngakhale lole, mubwere Lachitatu la sabata yamawayo mudzawatenge. Musandiyankhe ndi kalata.

Moni kwa alamu ndi ana onse, Mulungu akusungeni. Amayi akuti ndikuuzeni kuti sitima yanu ija anaimva, ikulira bwino. Chatsala n'choti aione.

Ndine mlongo wanu,
Filomena