Mlendo wa pa Benchi ya Makasitomala

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi kamwana. Kuno tikudzuka ndithu, amayi miyendo yachepako kutupa. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Ndili ndi mlendo pa shopu yanga yosokera. Ndi bambo wotolera ngongole, wa kampani imene unabwerekako ndalama usananyamuke. Akuti unapereka dzina langa ndi nambala yanga, ine osadziwa kanthu.

Tsiku loyamba ndinkaganiza kuti ndi kasitomala. Ndinamulozera benchi, mpaka kumusokerera batani la malaya ulere. Kupusa kwangako! Pano amalawirira kuposa mwini shopu. Amadikira ndikulunge tepi m'chiuno mwa munthu, ndiye n'kuyamba kufuula kuti banja lathu ndi la akuba. Mayi wina anatenga nsalu yake ndisanaidule n'kupita nayo kwina. Aphunzitsi amene amandipatsa mayunifolomu sakuyankhanso foni. Dzulo bamboyu anasisita makina anga, akuti sabata yamawa abwera ndi galimoto. Iwe ukudziwa kuti makina amenewa ndiwo amagula mankhwala a amayi.

Ndinapita ku ofesi yothandiza ogula. Mayi amene ndinamupeza anandimvetsera mpaka kumapeto. Anati ngongole imene sindinasainire si yanga, ndipo kuopseza munthu, kumuchititsa manyazi pantchito, kapena kulanda katundu popanda chilolezo cha khoti n'kuphwanya lamulo. Anati akhoza kuwaletsa a kampaniyo kupondanso pakhomo panga. Ndinapumako, mlongo wanga, koyamba chiyambire nkhaniyi.

Kenako anafunsa kuti mwini ngongoleyo ndani ndipo ali kuti, poti dandaulo siliyenda popanda zimenezo. Ndikakutchula, ndikuopa kuti akusaka mpaka kwa abwana ako, ntchito yongoyamba kumeneyo. Amayinso adzamva, iwo amene amauza aliyense kuti unayendera ndalama zako zosunga. Ndikakhala chete, makina apita. Ndinanama kuti ndasiya shopu yosatseka, n'kutuluka.

Ndakwiya nawe, sindibisa. Koma ndinakubereka kumsana ine, kukupereka sindingathe. Chonde aimbire wekha a kampaniyo. Mayi wa ku ofesi uja anati nawenso lamulo limakuteteza: ukhoza kuwauza akulembere zonse zimene akufuna kwa iwe, n'kugwirizana zobweza pang'onopang'ono, popanda kutukwanidwa. Ine pakamwa ndatseka, potsegula ndi pako.

Undiperekere moni kwa alamu, kamwanako undipsompsonere. Mulungu akusunge kumeneko. Amayi akupereka moni, akuti ndikuuzenso nkhani yabwino: bambo amene amakhala pa shopu tsiku lililonse uja akuoneka wakhama, akandifunsira ukwati ndisamuchedwetse. Ndinaseka nawo, kenako ndinakalirira kuseri.

Ine mlongo wako wamkulu,
Telala uja