Mupempherere Asewere Anga Apambane

Pollokshields, Glasgow
9 Novembala 2024

Okondedwa achemwali a Tereza,

Ndikhulupirira miyendo ija yachitako bwino. Kuno tili moyo, kungoti mvula yake ilibe manyazi. Mwana wanga Matilda akupitabe ku ntchito yake yokonza zombo ku Govan, ndipo amuna ake a Wouter ndi munthu wabwino, sindinganame. Vuto ndi bambo awo, asewere anga a Kamiel.

Muwakumbuke, aja anavina chopondaponda pa ukwati aja. Kwawo ku Belgium kuli mitundu iwiri, wina wolankhula Chifalansa, wina Chifulemishi, ndiye iwowa amatsogolera chipani chofuna kuti Afulemishi adzilamulire okha. Akuti anayamba ali mnyamata, kupaka penti zikwangwani za Chifalansa m'misewu. Kenaka ukhansala, kenaka umeya, kenaka ku nyumba ya malamulo. Ine ndazidziwa bwanji zonsezi? Olivia, mdzukulu wangayu, ndiye amandiimbira mbiriyi ngati nyimbo ya kwaya.

Achemwali, mwana ameneyu ndimamuperekeza ine kusukulu m'mawa uliwonse, dzanja lake m'thumba la jekete langa. Ndimamusimbira za galimoto ya a Fryson a kumudzi aja imene inkalira ikaona phiri, iye kumaseka mpaka kutsamwa. Koma ndikati “Wadzuka bwanji?” amangoyankha m'Chingerezi cha kuno, “Aye, fine, agogo.” Foni ikangolira kuchokera ku Belgium, tamverani Chifulemishi chikutuluka ngati madzi a pampopi! “Bompa! Bompa!” Ndiye kuti agogo m'chinenero chawo. Kusukulu atawauza kuti ajambule munthu wotchuka wa m'banja mwawo, anajambula Bompa ali pa nsanja, anthu akuwomba m'manja. Ndinafunsa, “Nanga ine ndili pati?” Akuti, “Inu simutuluka pa TV.”

Tsono nditamva kuti achinyamata a m'chipani chawo akufuna kuwachotsa pa mpando mwezi wamawa, ati akalamba, ndinadya bwino tsiku limenelo. Kutchalitchi ku Govanhill ndinaimba mokweza mpaka a Matthews a pa benchi ya kutsogolo kwanga anandicheukira. Ndinkati agwe, tione ngati mwana adzajambulenso nsanja.

Dzulo Matilda akutsuka mbale anangoti, “Adadi, a Kamiel akaluza abwera kudzakhala nafe kuno. Akuti ndale zawadyera nthawi, akufuna azimuperekeza Olivia kusukulu.”

Ndinati, “Kusukulu kwake kuti?”

“Komweko. Muzidzasinthana, kapena inu muzidzapuma. Mawondo anu aja.”

Ndani wadandaula za mawondo? Munthu anazolowera kulankhula pamaso pa chikhamu, ine ndi nkhani zanga za galimoto ya a Fryson ndidzapikisana naye bwanji? Msewu wake ndi waufupi, achemwali, sukwana agogo awiri.

Ndiye pempho langa ndi ili. Lachinayi mukapita ku Mvano, muwauze amayi apempherere a Kamiel apambane. Apambane kwambiri, awapatsenso unduna ngati ulipo, asapeze ngakhale mpata wokwera ndege. Akakufunsani kuti amenewo ndani, mungoti ndi munthu wokonda dziko lake, ndipo dziko lakelo likumufunabe.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Olivia ndamuuza kuti akupatseni moni m'Chichewa, wati mawa.

Ndine mlongo wanu,
Eneya