Makope a Bambo Onena za Chicago

Lachiwiri, 9 Julaye 2024

Masiku atatu chiikire bambo m'manda. Anthu abalalika, kwatsala achibale ndi chisanu cha kuno ku Matandani. Lero ndalimba mtima, ndatsegula kabati yawo. Mabuku a mbiri ya Chicago onse alimo, 23. Makope mulibe.

Makope seveni a chikuto cholimba. Zaka khumi ndi zisanu bambo akulemba m'Chichewa mbiri ya mzinda umene sanaupondemo, ndi bolopeni yofiira ya uphunzitsi wawo. Zinayamba ndi namwino wina wa ku Amereka, amene pobwerera kwawo anawasiyira katoni ya mabukuwa. Wina akanayatsira mbaula. Bambo anga anakhala nawo pansi, dikishonale pambali.

Kuchipatala anandigwira dzanja. "Chiyanjano, iwe umadziwa kompyuta. Ukatayipe makope aja, ana a kuno awerenge." Ndinavomera. Laputopu ya kuntchito ndabwera nayo kuchokera pa Boma. Nanga nditayipa chiyani?

Lachitatu, 10 Julaye

Ndasanthula nyumba yonse, pansi pa matiresi, m'sutukesi, mpaka m'matumba a chimanga. Ndawafunsa amayi, ndawauzanso za lonjezo la kuchipatala lija. Angoti "mmm" n'kutembenukira kukhoma. Sindinawakakamize. Chimwalirire bambo sakudya n'komwe.

Lachinayi, 11 Julaye

Mtima wanga uli pa azakhali a Esnart, mlongo wawo wa bambo. Tsiku la maliro analowa kuchipinda kawiri, ndinawaona ndi maso angawa. Amagulitsa mtedza wokazinga pa Zalewa, ndipo pepala lililonse kwa iwo n'lokulungira. Si iwo ananena chaka chatha kuti achimwene akungonenepetsa chiswe?

Mulungu andikhululukire ngati ndikuwanamizira.

Zikundiwawa kuti bambo akamafotokoza ndinkangoti "eee", maso ali pa foni. Ankati Chicago poyamba inali matope okhaokha, ngati msewu wathu mu Janyuwale, mpaka anthu anakweza nyumba zathunthu ndi majeke. Akafika pamenepo ankaimirira n'kumapukusa mkono ngati akukweza okha. Ine n'kumaseka, n'kumati bamboo, mwayambatu.

Lamulungu, 14 Julaye

Agawa katundu wa malemu. Wogawa a Sosten, mng'ono wawo wa bambo. Jekete, njinga, wailesi, zonse zayenda bwino. Atafika pa mabuku anawaunjika milu inayi poyang'ana kunenepa kwake, kuti pasakhale wodandaula. Buku limodzi la magawo atatu lapita kutatu: Lisungwi, Zalewa, Mwanza.

Ndinagwada. "Bambo aang'ono, pepani, mabukuwa amayendera limodzi. M'makope muja bambo ankatchula masamba ake."

"Makope ake ati?" anatero. "Mwana wanga, aliyense pano akufuna chomukumbukira m'bale wake. Zonse kwa munthu mmodzi, si mwambo."

Mwa anthu anatengawo palibe ndi mmodzi yemwe amene adzatsegule. Ine andipatsa asanu, lina la zithunzi za njanji, lina la manambala okhaokha.

Pamenepo ndinafunsa azakhali pamaso pa anthu onse ngati makope a bambo akulungira kale mtedza. Azakhali analira, anamanga katundu wawo, anapita osatsanzika. Amayi maso pansi nthawi yonseyo.

Pakamwa pangapa padzandipha.

Lolemba, 15 Julaye

Ndatsegula laputopu. Ndalemba mutu. Basi.

Lachiwiri, 16 Julaye

Ndayesa kulemba za m'mutu. Moto waukulu wa 1871. Mtsinje umene anaubweza kuti uziyenda chobwerera. Anthu akuda ochokera kummwera, kudzafuna ntchito kophera ng'ombe. Mitu yokhayokha, nyama yake palibe. Ndatsegula limodzi mwa mabuku asanu aja, Chingerezi chake cha maprofesa, ndime imodzi ndabwereza katatu. Bambo ankazitha bwanji, munthu wophunzitsa Sitandade 6?

Abwana aimba, ati Lachisanu ndikhale ndafika.

Lachinayi, 18 Julaye

M'mawa ndikulongedza, amayi andiitana kuseri kwa nyumba komwe amaothera dzuwa. Anditcha dzina lonse, chinthu chimene sachita.

"Esnart sanatenge."

Ndinakhala pansi.

"Adzukulu atamaliza kuwasambitsa bambo ako, ndinakulunga makope aja m'chitenje changa n'kuwaika kumutu kwawo m'bokosi. Munthu uja tsiku silinkapita osawagwira. Lomaliza linali lisanathe n'kutha komwe. Ndiye apite chimanjamanja? Anzawo amapita ndi ndodo yawo, ena chipewa."

Zoti ndinalonjeza kutayipa anazimva Lachitatu lija, manda atatsekedwa kale. Ati anachita mantha. Ngakhale pamene ndinkanyoza azakhali, pakamwa panakana kutseguka.

Ndinafuna kukuwa. Kukuwira ndani? Makope ali pansi pa dothi, mtunda wosakwana kilomita kuchokera pamene ndakhala, ndipo palibe munthu angandilole, ngakhale ineyo sindingadzilole.

"Ndinalakwa, eti?"

Ndinati ayi, amayi. Kaya n'zoona kaya bodza.

Anasenda nachesi, osadya. Kenako anati, "Kodi munali zotani m'makopemo? Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndinkachita manyazi kuwafunsa. Tandiuzako, iwe unkamva."

Ndinawauza za matope ndi majeke. Anamwetulira koyamba chichitikire maliro. Ndinawauza za moto, za mtsinje, za ophera ng'ombe. Mphindi zisanu sizinakwane.

Anasendera pafupi. "Eya. Kenako?"

Ndilibe kenako.