Oimba a pakhoma la Lemani

Lachinayi, mu Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima wanga sunakhazikike tsiku lonse.

Chiswe chakwera khoma la kuchipinda kwa mlongo wanga Lemani, ndiye ndimafuna kumatula manyuzipepala akale amene anamatapo ndi phala. Onsewo ndi masamba a oimba. Kale Loweruka tinkapalasa njinga mpaka ku Namadzi kukaonera nyimbo khumi zotchuka pa TV ya mugolosale, yoyendera batire la galimoto. Batire likafooka chithunzi chinkafota, moti nyimbo ya nambala wani tinkangoimva mawu, Lemani akuvina pakhonde.

Lero ali gone pamphasa, akutsokomola, wandilozera nkhope imodziimodzi. "Uyo anapita. Uyonso. Onsewa anayamba ndi kuonda, achemwali, ngati ineyo." Waseka. Ine ndalephera.

Ndamufotokozeranso mofatsa kuti masiku ano mankhwala alipo kuchipatala, bola munthu ayezetse magazi. Wakhala akukana kuyambira nthawi yokolola. Lero wati, "Musawamatule anzangawo, mawa tipita."

Ndawasiya, chiswe chidye. Njinga ndapopa kale. Koma akadzuka atasintha maganizo, kapena kumeneko akakatiuza kuti tachedwa...