Bambo acheka pulasitiki kuti nyumba ipume

Aphungu,

Ndiyambe ndi kunena kuti sindikulira ayi. Zinthu zikutiyendera bwino moti nthawi zina ndimachita nazo mantha. Ine ndi amuna anga, a Darcy, tikumanga tokha nyumba yathu pa kamunda kamene tinagula kunja kwa tawuni, ndipo denga tinalikhoma chipale chofewa chisanayambe kugwa. Panopa tikukhala m'kalavani pambali pake ndi ana athu awiri, kupondana zala m'mawa uliwonse, koma tikasuzumira pazenera n'kuona nyumba ija timangosekerera ngati zitsiru.

Chimene chandilembetsa ndi bambo anga ondibereka, a Orest. Amayi atamwalira chaka chathachi, bambo anangokhala phee kufamu, osapitanso kukamwa khofi ndi anzawo, osayatsa ngakhale wailesi. Tsiku lina a Darcy anawapempha kuti adzawagwirire makwerero, ndipo kuyambira pamenepo sanajombepo. Amafika dzuwa lisanatuluke ndi fulasiki ya khofi ndi mphika wa mapirogi, timitanda ta ufa tophika tokhala ndi mbatata m'kati, amene azimayi akutchalitchi amawakakamiza kutenga, n'kuyamba kunyoza mkamwini wawo kuti amagwira hamala ngati akumwaza chakudya cha nkhuku. A Darcy nawo salola, amawabwezera kuti, “Apongozi, mukagwa pamenepo ine sindikuberekani, msana wanga ndi umodzi.” Amaseka mpaka kukhosomola. Ine ndinali nditaiwala kuti bambo anga ali ndi mano.

Sabata yathayi tinali pa ntchito yofunditsa makoma. Tinalowetsa thonje lotchinga kuzizira pakati pa matabwa oimirira, kulicheka bwinobwino kuti lizungulire mawaya ndi masoketi popanda kusiya mpata, thupi lonse likuyabwa. Kenako tinakuta m'kati monse ndi pulasitiki, m'mphepete kumata ndi phula lakuda, m'malumikizo tepi yofiira. Kunja kukuzizira koti mphuno zimamatana ukakoka mpweya, koma titamaliza nyumba inayamba kusunga kutentha kwa mbaula yathu ya gasi. Tinavula magolovesi n'kudya chamasana titakhala pa ndowa zovundikira. Tsiku limenelo ndinasangalala kwambiri.

Lolemba ine ndi a Darcy tinapita kuntchito, bambo n'kutsala okha. Pobwera tinapeza khoma lonse lakumpoto lili mabala okhaokha. Anatenga kampeni kawo n'kucheka pulasitiki pampata uliwonse wa pakati pa matabwa oimirira, m'mwamba ndi m'munsi, mizere yowongoka ngati achita kuyeza ndi rula. Anatilandira pakhomo nkhope ikuwala, amvekere, “Ndakupulumutsani ana inu. Nyumba imafunika kupuma. Mukufuna muzigona m'thumba la buledi?” Anatikumbutsa za nyumba ya achimwene awo, a Metro, imene anaikuta ndi pulasitiki kalekale: mazenera ankachita thukuta nyengo yonse yozizira, chuku chinamera kuseri kwa kabati, ndipo akazi a Metro anatsokomola mpaka chipale kusungunuka. Anati ayambira kumpoto, makoma enawo awaona sabata yamawa.

A Darcy anatsegula pakamwa, ine n'kuwaponda phazi. Ndinangoti zikomo ababa, n'kuwathirira khofi.

Lachitatu ndinapisa dzanja pa bala limodzi, kudutsa thonje mpaka kukhudza bolodi lakunja. Zala zinatuluka zili mbuu ndi chisanu. Woyendera nyumba wa kuboma ayenera kubwera tisanakhome mabolodi am'kati, ndipo tikudziwa kuti sangavomere zimenezi. A Darcy akuti timate mwakachetechete Lamlungu bambo ali kutchalitchi. Ine ndikuti tepi yofiira siibisika. Lolemba akadzalowa n'kuona kuti ntchito yawo yonse taimata mowazembera, adzanyamula fulasiki yawo n'kubwerera kukakhala phee kuja. Bambo anga sakangana ndi munthu, amangosiya kubwera.

Palinso china. Chipinda chimene chili pa khoma lakumpoto lija, chapansi pafupi ndi bafa, tinachikonzera iwowo. Sitinawauze, chifukwa mchemwali wanga atangoyerekeza kutchula zoti achoke kufamu, bambo anatha miyezi osamuimbira foni. Timachitcha chipinda chosokeramo, chonsecho ine kulowetsa ulusi pasingano kumandikanika. Iwo sakudziwa kanthu, amangochikonda basi. Anatiumiriza kutsitsa zenera lake kuti munthu wokhala pampando aziona msewu, chitseko anachikulitsa ati chifukwa cha makina osokera, ndipo tsiku limene aliyense ankalemba dzina lake pathabwa tisanakute makoma, iwo analemba la malemu amayi, Stefania, m'chipinda chomwecho.

Ndichite bwanji, Aphungu? Khoma ndikulifuna louma, bambo anganso ndikufuna azisekabe.

L. H., Dauphin

Mayi L. H.,

Munachita bwino kuwaponda phazi a Darcy tsiku lija, chifukwa mawu otuluka munthu atangopsa mtima akanawononga zambiri. Koma “zikomo” uja akukudikirani, ndipo mukachedwa makoma atatu otsalawo alawanso kampeni.

Za khoma mukudziwa kale, zala zanu zinakuuzani. Mpweya wa m'nyumba umanyamula nthunzi ya kubafa, ya m'miphika ndi ya m'kamwa mwanu momwe. Ukapeza bala umalowa n'kukaundana pa bolodi lozizira lija. Kunja kukadzafunda, chisanu chimenecho chidzasanduka madzi m'kati mwa khoma, matabwa n'kumawola popanda woona. Mabalawo atsekedwe, pamenepo palibe zokambirana.

Koma za Lamlungu zija ziiwaleni. Munthu wocheka mizere yowongoka chonchija amainyadira ntchito yake, ndipo amaiyendera m'mawa asanavule chipewa. Kuwazembera kuli ngati kuwauza kuti akalamba moti sangapirire kumva zoona. Chimenecho ndicho chingawabweze kufamu, osati kulakwitsa kwa kampeni.

Dziwaninso kuti bambo anu sanalakwe zonse. Zimene anaona kwa a Metro sanalote. Nyumba ikatsekedwa bwino koma mpweya wachinyezi n'kusowa potulukira, mazenera amalira ndipo anthu amatsokomola. Kusiyana kwake n'kwakuti yanuyo izipumira pa makina osinthira mpweya ndi mafani a kubafa ndi kukhitchini, osati kudzera m'khoma. Ngati makinawo munagula kale, atsegulireni katoni awaone. Mlimi amakhulupirira chinthu akachigwira ndi manja n'kuchitembenuza. Auzeni kuti nkhawa yawo ndi yoona, ndipo muwapatse ntchito yoyala mapaipi ake pamodzi ndi a Darcy.

Mawa m'mawa, khofi atalowa m'thupi, a Darcy muwatume kusitolo akagule misomali imene simukuifuna n'komwe. Nkhaniyi ndi ya bambo ndi mwana wawo, mkamwini asaonerere. Pitani nawo pakhoma, muwapemphe avule golovesi apise dzanja pomwe munapisa inu. Musawalalikire. Chisanu chikawaluma zala, munene mwachidule kuti, “Ababa, nthunzi yathu ikuthera umu. Ndinaopa kukuuzani Lolemba. Ndithandizeni.” Adzang'ung'udza, mwina adzatukwana pulasitiki ndi amene anaipanga. Asiyeni amalize. Akatero muwaike tepi yofiira m'manja. Anacheka okha, amatenso okha, ndipo ndikukhulupirira kuti adzamata mowongoka kuposa nonse awirinu.

Musafulumire kumata pamwamba pa chinyezi. Tsegulani pamene pali chisanu, tulutsani thonje, muumitse bolodi ndi mbaula yamagetsi ndi fani. Mbaula ya gasi ija ngati ilibe chumuni muipumitse kaye, imathira nthunzi m'nyumba kuposa mmene mukuganizira. Thonje lisabwerere m'khoma lisanaume. Pukutani fumbi papulasitiki ndipo chipinda chikhale chofunda pomata, chifukwa pozizira tepi imagwira lero n'kumatuka mawa. Mabala akachuluka kwambiri, kuchotsa pulasitiki yonse ya khoma limenelo n'kuika yatsopano n'kosavuta kuposa zigambazigamba. Woyendera nyumba uja muimbireni foni mumuuze mmene zilili, akuuzeni yekha chimene adzavomere.

Tsopano za chipinda chosokeramo. Mayi, khalani pansi muwerengenso kalata yanu. Bambo amene anakulerani, odziwa bwino kuti inu ndi singano simugwirizana, atsitsa zenera kuti wokhala pampando aziona msewu. Akulitsa chitseko. Alemba dzina la akazi awo pathabwa la m'menemo. Ndiye mwa makoma onse a nyumba yanu asankha limenelo kuti liyambe kupuma. Makina osokera satsokomola, mayi. Bambo anu akudziwa kale. Akhala akudzikonzera chipinda chawo pang'onopang'ono inu mukuyesa kuti mwawabisira, ndipo iwonso akuopa kutchula monga mmene mukuopera inu. Ine pamenepa sindikuona vuto, ndikuona banja la mwayi.

Chenjezo langa ndi ili: musaphatikize nkhani ziwirizi tsiku limodzi. Mukawauza za chipinda tepi ili m'manja, adzayesa kuti mukuwapepesa nacho, kapena kuti mwaona nzeru zayamba kuwathawa ndiye mukufuna kuwayang'anira. Ayambe amata khoma lawo, woyendera avomere, mabolodi akwere. Ngakhale pamenepo musawafunse kuti adzasamuka liti, funso limenelo ndi lomwe linawasiyitsa kumuimbira foni mchemwali wanu. Tsiku lokagula penti muwatenge, ndipo mukafika pa shelefu mungowafunsa kuti chipinda chakumpoto chipakidwe mtundu wanji.

Musadabwe akakuyankhani asanayang'ane n'komwe zitini za pentizo.

Aphungu