Tinawatsekera Bwalo Mayi Bwerezani

Kwa bambo amuna a malemu, ana awo awiri, mayi awo owabereka, abale onse, ndi aliyense amene uthengawu umupeze,

M'malo mwa bungwe lathu lofalitsa Uthenga Wabwino kudzera m'masewera, ndikulemba ndi mtima wosweka komanso ndi manyazi aakulu kulengeza za imfa ya mphunzitsi wathu wa mpira wa atsikana, omwe tonse timawadziwa ndi dzina lakuti Mayi Bwerezani, amene atisiya Lachiwiri m'mawa atagundidwa ndi lole kudziko lakunja kumene tinawatuma. Uthenga wa imfayi utatipeza ena a ife tinasowa koyang'ana, pakuti tikudziwa chimene chinawafikitsa pamsewu umenewo.

Malemuwa anatumikira kudzikolo zaka zisanu ndi zinayi. Anafika asakudziwa ngakhale moni wa m'chinenero cha kumeneko, nayamba ndi atsikana asanu ndi awiri, mpira umodzi wosokasoka, ndi matayala akutha awiri omwe anali zigoli. Lero atsikana oposa mazana awiri adutsa m'manja mwawo. Anayi akusewera m'timu ya dzikolo, ena ndi anamwino, ena ndi aphunzitsi, ndipo ambiri anayamba kutsegula Baibulo atakhala pa udzu wa bwalo limene ankasewerera, thukuta lisanaume. Dzina lawo linachokera pakamwa pa atsikanawo, chifukwa mwana akaponya mpira mwaulesi sankamulalatira, ankangoti, "Bwerezani, mayi." Wobwera wopanda lipoti la kusukulu sankavala yunifomu, ngakhale akhale wogoletsa zigoli zonse. Ndipo kupempherera chipambano ankakana. Atsikana akawachonderera, iwo ankaseka n'kunena kuti, "Nanga a timu inayo alibe Mulungu? Tiyeni tipemphe kuti pasathyoke mwendo wa munthu, zigolizo mukadzipezere nokha."

Mauthenga a mtundu uno amathera pa mayamiko, koma ine sindingathere pamenepo, chifukwa ndikatero ndinamiza banja lomwe likudziwa kale zoona.

Miyezi isanu yapitayo, mkulu wina wopezera osewera matimu akuluakulu anafika pabwalopo ndi mapepala. Anafuna kutenga mtsikana wina wa zaka khumi ndi zisanu kupita naye kutali, ndipo pofuna kuti ulendowo utheke popanda makolo kutsatira, mapepalawo anamuwonjezera zaka zitatu. Chinatsala chinali siginecha ya mphunzitsi basi. Malemuwa anakana, napita kukachenjeza makolo a mwanayo. Pasanathe sabata, komiti yoyang'anira bwalo, m'mene mkulu uja ali ndi anzake, inatilembera kalata yakuti mphunzitsi wathu amazunza ana ndi kuwakakamiza kupemphera, ndipo kuti tikapanda kumuchotsa, bungwe lathu lisadzapondenso pabwalolo.

Malemuwa anandiimbira foni ndili mu ofesi, kalatayo ili patebulo.

"Atcheya," anatero, "mwana amene ndinamumangira ndekha zingwe za nsapato sangagone ali ndi zaka khumi ndi zisanu n'kudzuka ali wamkulu. Bwerani mudzawafunse anawa ngati ndinamenyapo wina."

Ine ndinayankha kuti, "Mayi, tangopumani kaye pang'ono mpaka fumbi litsike. Tifufuza."

"Fumbi litsike ana ali kuti?" anandifunsa. Madzulo a tsiku lomwelo ndinasaina kalata yowaimitsa ntchito.

Kafukufuku amene ndinalonjezayo sanayambe n'komwe. Tinakhala pansi kanayi m'chipinda chathu cha misonkhano, tikutsegula ndi pemphero ndi kutseka ndi pemphero, ndipo kanayi konseko nkhani yawo tinaikankhira kumsonkhano wotsatira. Tinaopa kutaya bwalo, tinaopa kuti dzina la bungwe lidetsedwa, ndipo mantha amenewo tinawatcha nzeru.

Atsikana aja anakana mphunzitsi wina amene tinawatumizira, n'kumapita kukagogoda pakhomo pa malemuwa. Popeza geti la bwalo linali lotsekedwa kwa iwo, malemuwa anayamba kuthamanga ndi anawo m'mbali mwa msewu waukulu wodutsa kumafakitale, m'mamawa sukulu isanayambe. Ankaika ana kumbali ya ngalande, iwo n'kumathamanga kumbali ya magalimoto atavala jekete lowala kuti madalaivala aziwaona. Lachiwiri lole ina inataya msewu pokhota. Ana onse khumi ndi asanu ndi mmodzi ali moyo, opanda ngakhale bala.

Tsopano nkhata za maluwa zikufika. Ina yachokera ku komiti ija, yolembedwa kuti malemuwa anali mayi wa ana onse. Sindikudziwa kuti dzanja lomwe linalemba kuti amazunza ana lapeza kuti mphamvu yolembera zimenezi. Koma sindingaloze chala kutali, pakuti komitiyo sinkawadziwa monga tinkawadziwira ife. Ife tinadya nawo, tinawasanjika manja powatuma, ndipo tsiku limene anafuna munthu mmodzi yekha woima nawo, tonse tinali otanganidwa.

Bambo, nditakuimbirani Lachitatu kuti ndipepese, munandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka munati, "Atcheya, mkazi wanga wamwalira ali woimitsidwa ntchito. Ana akadzandifunsa kuti amayi analakwanji, ndidzawauze chiyani?" Ndinalephera kukuyankhani pafoni, choncho ndikuyankha pano, pamaso pa anthu onse. Mudzawauze kuti amayi awo sanalakwe kanthu. Mudzawauze kuti mtsikana amene anamukanira siginecha uja akadali pakhomo pa makolo ake, ndipo chaka chino alemba mayeso. Mudzawauzenso kuti olakwa tinali ife, ndipo woyamba ndine.

Bungwe linafafaniza kalata yowaimitsa ntchito ija dzulo, ngakhale tikudziwa kuti mwini wake sadzawerenga. Nkhani ya mapepala abodza taipereka kwa apolisi a dzikolo, chinthu chomwe tinayenera kuchita miyezi isanu yapitayo. Ine ndidzatula pansi udindo wanga mwambo wa maliro ukangotha.

M'malo mwa mamembala onse, aphunzitsi anzawo omwe ali m'maiko osiyanasiyana, ndi atsikana amene akulira kutsidyako, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu bambo, kwa inu ana, ndi kwa inu mayi amene mukuika m'manda mwana yemwe munayembekezera kuti adzakuikani. Sitikupempha kuti mutikhululukire msanga, ndipo mukasankha kuti tikhale kumbuyo pa tsiku la maliro, tidzakhala kumbuyo. Mulungu amene malemuwa anamutumikira mokhulupirika kuposa ife akugwireni dzanja, akupatseni mphamvu m'masiku owawa akubwerawa, ndipo mtumiki wakeyo amulandire mu mpumulo wosatha.

Ndine wanu wolira nanu,
Wapampando wa Bungwe