Tcheni Chomwe Mwandidulitsira

Bambo a mwana,

Nali funso lodzutsira ubongo. Njinga yopalasa munthu atagona chagada, mapedulo ali kutsogolo uko, gudumu lokoka lili kumbuyo, tcheni chake chiyenera kutalika bwanji? Yankho: monga momwe chinalili dzulo, musanapite nacho kwa okonza njinga kuti achidule ati chifukwa "chimalendewera".

Ndadzuka kuti ndipalase ulendo wautali womaliza mpikisano wa Loweruka usanafike, ndapeza tcheni sichikufika n'komwe pagiya. Miyezi yonseyi ndapirira zitunda, ndapirira anthu ondikuwiza mumsewu kuti ndikuyendetsa bedi, lero wondigwetsa n'kukhala wa m'nyumba mwanga momwe! Ndikapanda kupalasa lero, a timu apereka malo anga kwa wina.

Ndiye ndamasula tcheni cha njinga yanu, ndapita nacho kwa amakaniko ena kuti akachilumikize ku changa. Pepani, koma osati kwambiri. Mwana mukamusiye kusukulu wapansi, pobwerera mudzere kwa anzanu odula aja mukatenge chidutswa anachotsacho.

Ndikudziwa kuti mumati mukundithandiza. Chonde, mpaka Loweruka lidutse, muzindikonda manja ali m'thumba.

Mkazi wanu